Kudziwa kuti cold front yayandikira kunyanja ya ku Cape

Achimwene, mwafunsa kuti mungadziwe bwanji kuti cold front (malire pomwe mpweya wozizira umakumana ndi wofunda) ikubwera mukakhala m'boti kufupi ndi Cape Town. Yambani ndi barometer, chipangizo choyezera kulemera kwa mpweya. Ikamatsika, mphepo n'kumachokera kumpoto chakumadzulo, timitambo topyapyala titayala m'mwamba, konzekani. Mpweya wozizira wa kummwera ndi wolemera, ndiye umalowa pansi pa wofunda n'kuukankhira m'mwamba. Mvula yamkuntho imabadwira pamenepo. Cold front ikangodutsa, mphepo imatembenuka mwadzidzidzi n'kumachokera kummwera chakumadzulo, barometer n'kuyamba kukwera. Apa m'pamene ambiri amapusa poona kumwamba kwayera, chonsecho mafunde amakhala akadali aakulu mpaka mawa lake. Ma cold front amachuluka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndipo mwera wa kwathu ku Nkhotakota uja kawirikawiri umatsatira pakapita masiku ochepa.