Kodi n'koyenera kulipira munthu kuti akufufuzireni mwana amene munam'pereka?

Mayi, ndawerenga funso lanu lakuti kodi ndi bwino kulipira munthu woti akufufuzireni mwana amene munam'pereka kwa banja lina mwalamulo ali wakhanda, popeza tsopano mukulakalaka kudziwa kumene ali. Maganizo anga ndi akuti thandizo mulifunedi, koma munthu woyenera kumufuna ndi mkhalapakati wovomerezeka ndi boma, chifukwa wofufuza wamba ntchito yake imathera pokupatsani adiresi, pamene chovuta chenicheni chimayambira pomwepo.

Yambani mwaganizira msinkhu wa mwanayo. Ngati sanakwanitse zaka 18, musatume aliyense kuti amulondole mobisa, pakuti khoti litavomereza kuti banja lina limutenge, udindo wonse wa ukholo unasamukira kwa makolo omulerawo, ndipo kumufikira iwo osadziwa kungamusokoneze maganizo komanso kukuikani pa mlandu. Chimene mungachite ndi kulembera kalata bungwe kapena ofesi ya boma imene inayendetsa nkhaniyo, n'kupempha kuti aisunge m'failo yake pamodzi ndi adiresi yanu komanso mbiri ya matenda a m'banja mwanu.

Ngati wakula, fufuzani kaye zimene lamulo la dziko limene anatengedwera likunena musanatulutse ndalama. Ku England ndi Wales kuli kaundula wotchedwa Adoption Contact Register, amene anayamba mu 1991, momwe mbali zonse ziwiri zimalembetsa, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2005 achibale omubereka amatha kupempha bungwe lolembetsedwa kuti likhale mkhalapakati, koma bungwelo silingaulule dzina kapena kumene munthuyo akukhala iye asanavomere. Ku South Africa, lamulo la ana la 2005 limalola kholo lobereka kupatsidwa uthenga wa m'kaundula wa ana operekedwa kwa mabanja ena mwana akakwanitsa zaka 18, pokhapokha mwanayo ndi makolo omulera atavomereza molemba. Ku United States chigawo chilichonse chili ndi lamulo lake, ndipo m'zigawo zambiri mafailo amakhala otsekedwa. Ngati mwanayo anapita kudziko lina, dziwani kuti pangano la ku Hague la 1993, lokhudza ana operekedwa kwa mabanja a kumayiko ena, limalamula mayiko amene analivomereza kusunga mbiri ya kumene mwana anachokera, ndipo bungwe la International Social Service, lomwe likulu lake lili ku Geneva, limathandiza mabanja pa nkhani zodutsa malire. Palinso njira yoyezetsa DNA ku makampani monga AncestryDNA, imene imakulumikizani naye ngati iyenso anayezetsa, ngakhale kuti ingathenso kuulula nkhaniyi kwa achibale amene simunawauzepo.

Mungaone kuti malamulo ambiriwa amasiya mawu omaliza kwa mwanayo, ndipo ine ndimaona kuti n'zachilungamo, chifukwa pa anthu onse okhudzidwa ndi iye yekha amene sanafunsidwe pa nthawi ija. Inu mwakhala zaka zambiri mukukonzekera tsiku lokumana, koma iye mwina sakudziwa n'komwe kuti amene anamulera si amene anamubereka, mwina akudziwa koma ali ndi mkwiyo, mwinanso akuopa kukhumudwitsa makolo amene amawakonda. Munthu wotere akalandira mwadzidzidzi uthenga wa pa Facebook wochokera kwa mlendo wonena kuti ndi mayi ake, akhoza kutseka khomo chifukwa cha mantha okha, ndipo mwayi woyamba ukaonongeka suchedwa kusanduka womaliza. Mkhalapakati wodziwa ntchito amalemba kalata yosaulula zambiri, amatsimikizira kuti wapeza munthu woyenera, amamupatsa nthawi yoganiza, ndipo akakana amakubweretserani yankholo mokusamalirani, n'kumusiyira njira yoti adzakupezereni akadzasintha maganizo.

Ngati njira zonsezi zakanika ndipo mwasankha kulipira wofufuza, muonetsetse kuti ali ndi chiphaso kumene lamulo limafuna chiphasocho, ndipo mulemberane pangano lonena ntchito imene adzagwire, ndalama zake, komanso kuti sadzalankhula ndi mwanayo, abale ake kapena akuntchito kwake. Musapereke ndalama zonse ntchito isanayambe. Chenjerani ndi aliyense wolonjeza kuti amupeza m'masiku ochepa kapena wonena kuti angatsegule mafailo a khoti mwachinsinsi, pakuti alipo anthu opanda chifundo amene amadyera pa chisoni cha makolo, mpaka kubweretsa munthu wolakwika. Pa chifukwa ichi, kutsimikizira ubale ndi DNA nonse mutagwirizana n'kofunika.

Musanayambe chilichonse, kambiranani ndi mlangizi wodziwa nkhanizi za zimene mudzachite mwanayo akadzakana, kapena mukadzamva kuti anamwalira, ndipo muganizirenso ngati ana anu ena ndi amuna anu ayenera kuuzidwa kalata yoyamba isanatumizidwe.