Za error ya "cannot be cast" ija, chotsani kaye ma jar amene mwaponya mu tomcat/lib

Achimwene a ku Ngabu amene mukupanga sisitimu ya kopaletivu ya alimi a thonje, ndaiona log yanu. Mwati pa laputopu mu IntelliJ zonse zikuyenda bwinobwino koma mukaika WAR (fayilo imene app yonse imamangidwamo) pa seva ya Tomcat (pulogalamu yoyendetsa ma app a Java) kuti ilumikizane ndi SOAP service ya kubanki (njira imene masisitimu amatumizirana mauthenga a XML) ikumagwa ndi ClassNotFoundException ya javax.xml.bind.JAXBException, ndiye mnzanu wina anakuuzani mukopere ma jar onse (mafayilo a malaibulale a Java) mu tomcat/lib, pano ikuti class yanu "cannot be cast" kwa class yomweyomweyo, kenakonso @Autowired (imene Spring imagwiritsa ntchito poika ma object mu class yanu) ya mu endpoint ikubwera null, yopanda kanthu. Amenewa ndi mavuto atatu osiyana ndipo lachiwirilo labwera ndi malangizo a mnzanuyo.

Loyambalo ndi la Java basi. Ndikuganiza kuti pa laputopu muli ndi Java 8 pomwe seva ili pa 11 kapena 17. JAXB (yosintha XML kukhala ma object a Java) ndi JAX-WS (ya ma SOAP service) zinkabwera mkati mwa JDK kale, Java 9 inachenjeza kuti zichoka, Java 11 itatuluka mu 2018 inazichotseratu. Ndiye muziike nokha mu pom.xml (fayilo ya Maven yolembamo malaibulale amene project ikufuna), jaxb-api pamodzi ndi jaxb-runtime, osati api yokhayokha chifukwa api ndi mayina chabe ntchito amagwira ndi runtime. Komanso samalani za javax ndi jakarta, dzina lakale ndi latsopano la ma package amenewa. Tomcat 9, Spring 5, CXF 3 (laibulale ya SOAP) ndi jaxb-runtime 2.3 zonse ndi za javax. Tomcat 10 kupita mtsogolo, Spring 6 imene inatuluka mu 2022 ndipo imafuna Java 17, ndi CXF 4 ndi za jakarta. Musasakanize mbali ziwirizi.

Tsono lachiwiri ndi pamene pagona nkhani. Kwa JVM, imene imayendetsa code ya Java, class siidziwika ndi dzina lokha ayi, imadziwika ndi dzina pamodzi ndi classloader (chida cholowetsa ma class mu JVM) amene anailowetsa. Zili ngati pa mndandanda wa chithandizo madzi akasefukira, anthu awiri atha kukhala ndi dzina limodzi, la bambo lofanananso, koma wina walembetsa kwa mfumu ya ku Makhanga wina kwa mfumu ya ku Bangula, alembi sangawatenge ngati munthu mmodzi olo mutakangana nawo mpaka dzuwa kulowa. Tomcat ili ndi classloader wa onse amene amawerenga tomcat/lib, ndiye app iliyonse ilinso ndi wakewake amene amawerenga WEB-INF/classes ndi WEB-INF/lib, ndipo wa app ameneyu amayamba wayang'ana mwake asanakafunse wamkulu uja, kupatula ma class a Java yeniyeniyo. Ndiye mutakopera ma jar aja class imodzi yapezeka malo awiri, object yapangidwa ndi kope la mu tomcat/lib koma code yanu ikuidikira ngati ya mu WEB-INF/lib, ndi chifukwa chake uthengawo ukuoneka ngati wamisala, X cannot be cast to X.

Chotsani zonse zimene munaika mu tomcat/lib, musiye zimene Tomcat inabwera nazo, mwina ndi driver wa database ngati DataSource munaiika pa seva. Servlet-api mu pom ikhale ndi scope ya provided isalowe mu WAR. Mupezanso anthu pa intaneti akuti ikani delegate="true" mu context.xml, inde imatembenuza dongosolo kuti ayambe kufunsa wamkulu ndipo error itha kusowa, koma ine sindimaikonda, tsiku lina wina adzaika app yachiwiri pa seva yomweyo yofuna version ina ya CXF ndiye mudzayambiranso pomwepa.

Osamangoganizira, muifunse JVM yomweyo. Pa class imene ikuvutayo sindikizani getClassLoader() ndi getProtectionDomain().getCodeSource().getLocation(), ikuuzani jar yeniyeni imene yachokera. Kapena ikani -verbose:class mu CATALINA_OPTS m'kati mwa setenv.sh nkuyatsanso Tomcat, log ikhala yaitali koopsa koma grep dzina la class muona ikulowa kawiri kuchokera malo awiri. Kenako mvn dependency:tree, muone ngati laibulale ina ikukokera jaxb yakale mwakachetechete, Maven amasankha version imene ili pafupi kwambiri mu tree osati yatsopano kwambiri, ambiri amapusitsidwa pamenepa. Za bundle ya intaneti ndikudziwa mmene netiweki imavutira kuchigwa kuno makamaka magetsi akathima, dawunilodani kamodzi pamene ili bwino kenako muzigwiritsa mvn -o kuti asamapitenso pa intaneti. Kwa ena m'gulu muno amene muli pa Spring Boot, error yomweyi imabweranso ndi DevTools chifukwa ili ndi RestartClassLoader wakewake, ichotseni kaye muone ngati zisintha.

Za @Autowired kukhala null sikuti jar yasowa. Ngati endpoint munailembetsa mu sun-jaxws.xml ndiye kuti object akuipanga ndi JAX-WS, Spring sakuidziwa nkomwe ndiye angaikemo bwanji ma bean, ma object amene Spring amapanga yekha. Njira yachidule class yanu ichite extends SpringBeanAutowiringSupport, koma imagwira pokhapokha context yakwezedwa ndi ContextLoaderListener. Ine ndikanakhala inu ndikanangopita ku CXF, endpoint ikhale bean ya Spring, mupange EndpointImpl nkuitana publish, mwini wa object akhale mmodzi nkhani ithe.

Pali msampha wina umene simunaufike koma ndauona mu code munatumizayo, mukuitana service ija mkati mwa CompletableFuture.supplyAsync osapereka executor. Imeneyo imathamangira pa common pool ya ForkJoinPool, ndipo kuyambira Java 9 ma thread a mmenemo amanyamula system classloader, amene saona WEB-INF/lib olo pang'ono. JAXB ikamafufuza runtime yake imadalira context classloader wa thread, ndiye muzaona ClassNotFoundException imene imabwera nthawi zina nthawi zina ayi, yopweteketsa mutu kuposa zonsezi. Pangani ThreadPoolTaskExecutor ngati bean nkumaipereka ku supplyAsync, ndipo JAXBContext muipange kamodzi app ikamayamba chifukwa ndi yolemera kupanga komanso ma thread ambiri atha kugawana popanda vuto, Marshaller yekha ndi amene muzipanga watsopano nthawi iliyonse.

Mukachotsa ma jar aja tumizani zimene java -version ikunena pa seva osati pa laputopu, version ya Tomcat, ndi dependency:tree yonse, koma chonde mukopere malembawo osati kujambula sikirini ndi foni, pa chithunzi munatumiza chija mzere wa "Caused by" unadukira pakati ndipo ndi umene ndimafuna kuona.