Loya wa boma waonana ndi mchimwene wanga mphindi 10 zokha, kodi alipo amene amawerenga zimenezi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu konkuno amene pano akukhala ku America. Dzina sinditchula, ngakhale dera lomwe ali. Ndadulako zina koma nkhani yake ndi iyi:

"Mchimwene wanga wamng'ono anamangidwa miyezi iwiri yapitayo. Ndalama za loya tilibe nde khoti linamupatsa wa boma, amene kuno amati public defender. Chimangidwireni loyayo waonana naye kamodzi kokha, mwina mphindi 10, pakhonde la khoti. Ndikaimba foni sayankha. Nditapita ku ofesi kwawo ndinaona mafayilo mulu patebulo, ena mpaka pansi. Kodi boma limadziwa zimenezi? Alipo amene amawerenga mmene ma ofesi amenewa akugwirira ntchito kapena aliyense amangoyendera yake? Nanga kwathu zimakhala bwanji?"

Achemwali, choyamba pepani kwambiri, kukhala ndi m'bale m'chitokosi kudziko la eni ndi chinthu chosowetsa tulo. Funso lanu ndalisunga masiku angapo chifukwa sindimafuna kukuyankhani mwachidule. Yankho lake ndi loti eya, boma la America limawerenga, koma limawerenga mwa apo ndi apo, ndipo kwa zaka zambiri limawerenga mafayilo pomwe chimene chikukupwetekani inu ndi mphindi 10 zija.

Ndiyambe ndi komwe loya waulereyu anachokera. Mu 1961 ku Panama City, Florida, bambo wina wosauka dzina lake Clarence Earl Gideon anamuganizira kuti wathyola malo oseweretsera pool ndi kuba. Atapempha loya kukhoti jaji anamukana, anadziimira yekha, anagamulidwa zaka zisanu. Ali kundende analemba kalata ndi pensulo kupita ku Supreme Court, ndipo pa 18 March 1963 khotilo linagamula kuti munthu wosauka amene akuzengedwa mlandu waukulu ayenera kupatsidwa loya ndi boma. Mlandu wake utazengedwanso ali ndi loya, anapezeka wosalakwa. Munthu yemweyo, mlandu womwewo, chosintha ndi loya basi. Mu 1972 khoti lomwelo linaonjezera kuti ngakhale pa mlandu waung'ono, munthu asatsekeredwe kundende ngati sanapatsidwe mwayi wa loya.

Koma khoti linangoti mpatseni loya, silinanene kuti ndalama zichokere kuti kapena loya mmodzi asenze anthu angati. Zimenezo linasiyira ma state, ndipo ma state ambiri anakankhira kwa ma county, omwe tingawafanizire ndi maboma athu ngati Dedza kapena Thyolo, ndipo alipo oposa 3,000. Nde mupeza kuti kwina kuli ofesi ya maloya olembedwa ntchito ndi boma, kwina jaji amangosankha loya wa payekha pa mndandanda n'kumamulipira pa mlandu, kwina county imapanga kontirakiti ndi loya kuti atenge milandu yonse ya chaka pa ndalama imodzi. Kuti muwerenge zinthu zobalalika chonchi si masewera.

Nthambi yomwe imasonkhanitsa manambala a zaupandu ndi makhoti ku America ndi Bureau of Justice Statistics, pansi pa unduna wa zachilungamo wa dzikolo. Kalembera wake wodziwika wa ma ofesi amenewa ndi wa chaka cha 2007, amamutchula kuti Census of Public Defender Offices. Anawerenga ma ofesi 957 m'ma state 49 ndi District of Columbia. State ya Maine inalibe ofesi ngakhale imodzi nthawi imeneyo, inayamba kulemba ntchito ma public defender mu 2022. Anapeza kuti chaka chimenecho ma ofesiwa analandira milandu yoposa 5.5 miliyoni, anagwiritsa ntchito madola pafupifupi 2.3 biliyoni, ndipo maloya oimira anthu kukhoti anali cha m'ma 15,000. Mukagawa nokha pa foni panu mupeza milandu yoposa 350 pa loya mmodzi pachaka, pafupifupi mlandu watsopano tsiku lililonse. M'ma state 22 ntchitoyi inkayendetsedwa ndi boma la state, kwinako ndi ma county. Pa ma ofesi a m'ma county, 73 mwa 100 aliwonse anali ndi milandu yopitirira mlingo womwe unaikidwa, ndipo pafupifupi 40 mwa 100 analibe wofufuza ngakhale mmodzi, kutanthauza munthu wopita kukafunsa mboni, kukaona pamalo pomwe zinachitikira, kukatenga vidiyo ya kamera isanafufutidwe. Apolisi ali ndi ofufuza awo, wosaukayo alibe.

Nde zimene munaona patebulo paja boma linazilemba kale. Koma taonani zofooka zake. Malipoti ake anatuluka mu 2010, patapita zaka zitatu, ndipo kwa zaka zoposa 10 atolankhani ndi aphungu amangobwerezabe manambala omwewo a 2007. Kalemberayu anawerenga ma ofesi okha, maloya osankhidwa ndi jaji aja ndi a kontirakiti sanali m'kati, chonsecho m'madera ambiri akumidzi ndi amene amagwira ntchitoyi. Komanso liwu loti mlandu silitanthauza chinthu chimodzi paliponse. Munthu akagwidwa usiku umodzi n'kumutsegulira zifukwa zisanu, ofesi ina ilemba mlandu umodzi, ina ilemba isanu, nde mukaphatikiza zimakhala ngati mukuphatikiza ndowa ndi matumba. Ndipo chomwe chimandikhudza kwambiri ine ndi ichi: amene amadzaza fomu ya kalemberayo ndi ofesi yomweyo yomwe ikumira. Ofesi ya ndalama ili ndi kompyuta yosunga chilichonse ndi munthu wake wa manambala, iyankha funso lililonse bwinobwino. Ofesi ya maloya awiri opanda mlembi isiya mipata kapena ingoyerekeza. Komwe kuli mavuto enieni ndi komwe manambala amakhala ochepa.

Tsopano mlingo ndautchula uja, apa ndi pamene pagona nkhani. Mu 1973 komiti ina ya boma la America inanena kuti loya mmodzi asapitirire milandu ikuluikulu 150 pachaka, yomwe amati felony, kapena ing'onoing'ono 400, yomwe amati misdemeanor, kapena ya ana 200, kapena ma apilo 25. Manambala amenewa anakhala ngati lamulo kwa zaka 50. Koma tawerengerani. Munthu wogwira ntchito maola 40 pa sabata chaka chonse osapuma ali ndi maola 2,080. Gawani ndi 150, mupeza maola osakwana 14 pa mlandu waukulu umodzi, kaya ndi wakuba galimoto kaya ndi wakupha, onse mtengo umodzi. Pa ing'onoing'ono ndi maola asanu. M'maola amenewo muli kuwerenga fayilo, kupita kundende, kudikira pa benchi ya khoti, kulemba, kulankhula ndi woimira boma. Ndipo mu 1973 kunalibe makamera ovala apolisi pachifuwa, kunalibe mauthenga a pa foni masauzande oti uwerenge, kunalibe kuyeza DNA. Ndiye ngati ma ofesi 73 mwa 100 ankapitirira mlingo womwe unali wolekerera kale chonchi, muone nokha kuti mphindi 10 za mchimwene wanu zikuchokera kuti.

Mu 2023 bungwe lofufuza la RAND pamodzi ndi American Bar Association ndi National Center for State Courts anatulutsa kafukufuku amene anatembenuza funso. M'malo mofunsa kuti loya asenze milandu ingati, anafunsa kuti mlandu wa mtundu uwu umafuna maola angati kuti munthu aimiridwe moyenera. Anapeza kuti wakupha umafuna maola 248, felony yaing'ono maola 35, misdemeanor yaing'ono pafupifupi 14. Mwaona? Maola omwe kale ankati ndi okwanira mlandu waukulu, pano akuti ndi a mlandu wochepetsetsa. Pa mawerengedwe amenewa loya wa milandu yakupha akuyenera kukhala ndi 8 basi pachaka. Ku state ya Oregon atawerenga mwanjira yofanana mu 2022 anapeza kuti ali ndi maloya osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a omwe akufunika, akuperewera pafupifupi 1,300. Ine ndimaona kuti kuwerenga kotere ndi kumene kuli ndi mano, chifukwa ukapita kwa ogawa bajeti n'kunena kuti tatopa amakuyankha kuti tonse tatopa, koma ukawaonetsa kuti ntchito ikufuna maola akuti ndipo tili ndi maola akuti, amasowa pothawira. Mutu umodzi susenza denga, koma mpaka utayeza dengalo anthu amangoti mutuwo ndi waulesi.

Za kwathu. Malamulo oyendetsera dziko, gawo 42, amati munthu woganiziridwa mlandu ali ndi ufulu wa loya, ndipo boma limulipirire pamene chilungamo chikufuna kutero. Ofesi yake ndi Legal Aid Bureau, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo inayamba kugwira ntchito mu 2015, m'malo mwa dipatimenti yomwe inali pansi pa unduna wa zachilungamo. Kusiyana ndi ku America, iwo amathandizanso pa milandu ya malo, ya chuma cha masiye, ya mabanja, osati yaupandu yokha, nde katundu wake ndi wosakanikirana. Tilinso ndi ma paralegal, anthu ophunzira zamalamulo koma osakhala maloya, monga a bungwe la PASI omwe anayamba kulowa m'ndende chaka cha 2000 kumaphunzitsa anthu a pa rimandi mmene angapemphere belo, ndipo mgwirizano wa maiko a mu Africa pa nkhani ya thandizo la zamalamulo unachitikira ku Lilongwe konkuno mu 2004, mpaka lero umatchedwa Lilongwe Declaration. Pa mbali imeneyi tili ndi choti ena aphunzire kwa ife.

Koma vuto lathu la kawerengedwe ndi lina. Ku America funso ndi loti loya anakhala nawe mphindi zingati, kuno anthu ambiri m'makhoti a majisitireti amaima okha ndithu. Tsiku lina ndinakhala kumbuyo m'khoti lina, ndinapita kuperekeza mnzanga. Analowetsa bambo wina wachikulire, malaya ake akuda fumbi la m'selo, mkazi wake ali panja ndi kontena ya nsima yokulunga mu chitenje. Mboni itamaliza, majisitireti anamufunsa kuti muli ndi mafunso kwa mboniyi? Bamboyo anaimirira n'kuyamba kufotokoza nkhani yake kuyambira m'mawa wa tsikulo, anamudula mwaulemu kuti ayi bambo, pano ndi mafunso okha, nkhani yanu mudzanena nthawi yake. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anati ndilibe funso, n'kukhala pansi. Zonse zomwe mboni inanena zinalowa m'buku zosatsutsidwa. Bambo ameneyu sangapezeke mu lipoti la ofesi ya maloya iliyonse chifukwa sanafikeko, ofesi imawerenga amene alowa pakhomo pake. Nambala yomwe ine ndimailakalaka kuno ndi yoti mwa anthu onse omwe aweruzidwa chaka chino, angati anali ndi owaimira, ndipo imeneyo ingachokere ku makhoti ndi kundende, mzere umodzi wokha wowonjezera m'kaundula wa kalaliki. Paja panali mtsutso woti ma paralegal aloledwe kuimira anthu m'makhoti a majisitireti, bungwe la maloya linakana, mtsutso wotere umafunika nambala imeneyo patebulo. United Nations nayo pa zolinga zake za 2030 imayeza chilungamo poona kuti mwa akaidi onse ndi angati omwe sanaweruzidwe. Ndipo poti lamulo lathu lopezera uthenga ku ma ofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, mtolankhani kapena mwana wa sukulu ya zamalamulo atha kulemba kalata n'kufunsa.

Ndibwerere kwa inu achemwali, chifukwa manambala sangamutulutse mchimwene wanu mawa. Loyayo musamutenge ngati mdani, ambiri mwa iwo amalidziwa khoti lawo kuposa maloya odula, chomwe alibe ndi nthawi, nde mupulumutsireni nthawiyo. Lembani tsamba limodzi lokha: dzina ndi nambala ya mlandu, maina ndi mafoni a mboni, komwe mchimwene wanu amagwira ntchito, komwe angakhale akatuluka pa belo, mukasiye pa ofesi kapena mutumize pa imelo. Kusayankha foni kwina ndi chifukwa choti lamulo silimulola kukamba za mlandu ndi achibale popanda chilolezo cha mwini wake, nde mchimwene wanu amuuze yekha kuti mlongo wangayu mutha kulankhula naye. Mukamalankhulana pa foni ya kundende musakambe za mlandu ngakhale m'Chichewa, mafoni amenewo amajambulidwa ndipo omasulira alipo. Ngati masabata akudutsa loya osabwera, lemberani wamkulu wa ofesiyo, ndipo mchimwene wanu atha kumuuza jaji m'khoti kuti sanapeze mpata wokambirana ndi loya wake.

Chachikulu koposa, milandu yoposa 90 mwa 100 yomwe anthu amapezeka olakwa ku America imathera pa kuvomera mlandu kuti chilango chichepe, ndipo loya wothamanga angabwere ndi pepala pakhonde pomwe paja. Ngati mchimwene wanu si nzika ya America, asasaine kalikonse asanafunse kuti kuvomeraku kuchita chiyani pa mapepala ake okhalira m'dzikomo. Supreme Court inagamula mu 2010, pa mlandu wa Padilla v. Kentucky, kuti loya ayenera kumuuza munthu ngati kuvomera kungamuthamangitsitse m'dziko. Mlandu ungaoneke waung'ono, wongolipira faindi, koma n'kumutsekera khomo, ndipo kukhoti la za immigration boma silipereka loya waulere. Mumuuze zimenezi ulendo wotsatira mukapita kukamuona, abwereze pamaso panu kuti mutsimikize kuti wamva, ndipo mundilemberenso tsiku lakhoti likadutsa.