Funsani Amakaniko: Hedi gasiketi ndingasinthe ndekha pakhomo?

Zikomo amakaniko. Ine ndili ndi ka Sienta ka injini ya 1NZ, ndimanyamula anthu kuchokera ku Area 25 kupita mtauni. Sabata yatha pochokera ku Dedza inawira, ndinaima nkuthira madzi nkupitiriza ulendo, pano ikumatulutsa utsi woyera ku ekizozi, madzi mu radiyeta akumatha tsiku ndi tsiku koma pansi sipakudontha kanthu, ndipo nditatsegula pothirira oyilo ndapeza zinthu ngati tiyi wamkaka. Anzanga pa siteji akuti ndi hedi gasiketi. Ya ku galaja ndilibe, koma masipana ndili nawo, mapulagi ndi mabuleki ndimasintha ndekha. Ndingaipange pakhomo?
Dalaivala, Area 25

Pepani achimwene, ndikudziwa kuti galimoto imeneyo ndi imene ikubweretsa ufa pakhomo, komabe iimikeni lero lomwe. Oyilo wosakanikirana ndi madzi sateteza chilichonse, mukapitiriza kuyenda nayo mudya ma bearing ndiye nkhani isanduka yogula injini yonse.

Anzanuwo sananame. Gasiketi imakhala pakati pa hedi ndi buloko, ntchito yake kutseka kuti moto, madzi ndi oyilo chilichonse chiyende njira yake, ndiye ikapsa madzi amalowa mu silinda nkumatuluka ngati utsi womwe mukuwuonawo. Mukafuna kutsimikiza, m'mawa injini ili yozizira tsegulani radiyeta, dzazani madzi nkuliza, mukaona thovu likungotuluka osasiya basi ndi yomweyo. Yotentha musatsegule chonde, madzi ake amasupula khungu.

Pakhomo zimatheka inde, koma si ntchito ya Loweruka masana, ikani masiku awiri kapena atatu. 1NZ ili ndi tcheni cha timing (chogwirizanitsa kayendedwe ka mapisitoni ndi ma valavu) osati lamba, ndiye muchotsa kavala ya kutsogolo, mounting ya mbali imeneyo, injini muigwiritse ndi jeke mutaika thabwa, kenako ma camshaft atuluke kuti mufike pa mabawuti a hedi. Musanachotse tcheni ikani pisitoni yoyamba pamwamba, onani zizindikiro za timing ndipo jambulani ndi foni, jambulaninso waya aliyense ndi paipi iliyonse musanazule, mudzandithokoza tsiku lachitatu mutu utatopa. Pezani katoni muboole timabowo, bawuti iliyonse mubaye pamalo pake nkulemba, tizitsulo ta pamwamba pa ma valavu natonso tisasokonezeke, kalikonse kabwerere pomwe kanachoka. Ndipo ndi fumbi la Lilongwe lino injini yotsegula musaisiye pamtunda, vindikirani ndi nsalu yoyera, ana asamaseweretsepo.

Pomwe ambiri amagwera ndi apa. Hedi ya 1NZ ndi ya aluminiyamu, ikawira imapindika, ndipo ndi maso simungaone chifukwa malire ake ndi 0.05 mm basi, ngati theka la kukhuthala kwa pepala la m'kope. Inu munayenda nayo itawira kale, ndiye ine sindingaibwezere isanayezedwe. Ikulungeni mu chiguduli mupite nayo kwa a engineering, aja a makina oyezera ndi kupala zitsulo za injini, funsani amakaniko a ku Biwi akulozerani, akaiyeze, aone ngati ilibe mng'alu, ngati yapindika aisikime, ndiye kuti aipale pa makina ikhale yosalala. Zija zopala hedi ndi sandipepa pa simenti ayi ndithu, ndaonapo munthu atachita zimenezo ndi mtima wabwino wofuna kupulumutsa ndalama, mwezi usanathe utsi unabwerera, anagula gasiketi kawiri, oyilo kawiri, mpaka pano ndikakumbukira zimandiwawa.

Chachiwiri ndi torque wrench, sipana yoyeza mphamvu yomangira bawuti mu ma Nm. Ngati mulibe bwerekani, ngati simungaipeze ntchitoyi musayambe. Mabawuti a hedi alipo 10, pomasula mumayambira m'mbali kulowa mkati pang'onopang'ono, pomanga mumayambira pakati kutulukira kunja mopingasa. Pa 1NZ mumamanga 29 Nm, kenako mupotoze madigiri 90, mubwerezenso 90 ina, dontheza penti pamutu pa bawuti iliyonse kuti muziona yazungulira bwanji. Mabawuti amenewa amatamuka, ndiye akaoneka owonda pakhosi gulani atsopano. Mabowo ake mu buloko muwapukute aume, mukasiya madzi kapena oyilo pansi ndiye bawuti ikamatsika ikhoza kung'amba buloko. Pamwamba pa buloko palani bwinobwino ndi chopalira cha pulasitiki, gasiketi muone mbali yoyang'ana kumwamba, ndipo musaipake silikoni yonse ngati mukupaka majarini pa buledi, silikoni ndi wa pa kavala ya timing. Pogula, kaya ku Malangalanga kaya kwina, tengani yakaleyo mufananize bowo ndi bowo, yotchipitsitsa ija isiyeni, ntchito ya masiku atatu siyoyikira chinthu chokayikitsa.

Mukabwezera tcheni zungulitsani injini ndi sipana kawiri musanalize, ikagwira penapake musakakamize, timing yaphonya ndipo ma valavu akhoza kukumana ndi mapisitoni.

Koma funso limene simunandifunse ndi lakuti inawira chifukwa chani ku Dedza kuja. Gasiketi kawirikawiri siyamba yokha, imapsa chifukwa china chake chalephera kuziziritsa injini. Onani ngati fani ikuzungulira injini ikatentha, pampu ya madzi, chotsekera radiyeta, radiyeta yomweyo ngati siyinatsekeke ndi dzimbiri, ndi thermostat, kavalavu kotsegulira madzi kupita ku radiyeta injini ikatentha. Ambiri kuno amaichotsa thermostat nkutaya ati kwathu nkotentha, ine sindigwirizana nazo, ikani yatsopano. Thirani coolant osati madzi a pampopi okha, oyilo ndi fyuluta zatsopano, tulutsani mpweya mu mapaipi mutatsegula hita, ndipo oyilo ameneyo mumusinthenso pakangopita masiku ochepa kuti zamkaka zotsalira zichoke.

Ngati pa tcheni paja mtima ukukayika, masulani nokha zonse, hedi mupititse nokha, koma tsiku lomanga itanani makaniko wodziwa adzakhale nanu maola awiri atatu mumulipire ya timing ndi kumanga hedi yokha. Sabata yoyamba muziyenda maulendo afupi a mtauni momwemu diso lili pa geji, ya ku Dedza idikire kaye.