Kodi zipolopolo za .22 zinatha ntchito?

Funso: Zikomo akonzi. Ine ndimagwira ntchito pa famu ku Limpopo, Joni kuno, ndiye abwana anga ali ndi kamfuti ka .22 kamene amaombera akalulu ndi makoswe, koma mnzanga wina akuti zimenezo ndi zachikale ngati gogodela, masiku ano kuli zipolopolo zamphamvu. Zoona zimenezi? Wowerenga wanu, Limpopo.

Yankho: Achimwene, pa zachikalepo mnzanuyo sananame. Chipolopolo chimene abwana anuwo amagwiritsa ntchito, .22 Long Rifle, chinatuluka mu 1887 ku America ndi kampani ya J. Stevens, ndipo nzeru yakeyo inayambira ku France mu 1845 ndi munthu wina dzina lake Flobert. Koma khasu linayamba liti, si mpaka lero tikulimira?

Nkhani yagona pa kapangidwe. Zipolopolo zimenezi amazitcha rimfire chifukwa mankhwala oyatsa onga amawaika m'mphepete mwa katako kachipolopolo, kamsomali ka mfuti kakamenya m'mphepetemo basi chaphulika. Ndiye kuti m'mphepetemo muthe kufinyika mkuwa wake umayenera kukhala wopyapyala, ndipo mkuwa wopyapyala sungapirire onga wambiri, n'chifukwa chake zimakhala zazing'ono. Zimene mnzanuyo akuzitama zimayatsira pakati, mkuwa wake ndi wokhuthala, mphamvu ndi zambiri, komanso makoko ake ena amawadzazanso pamene a .22 ukaombera ndi otaya.

Koma taonani, .22 ndi yotchipa kwambiri, phokoso lochepa, siimenya phewa, nde ophunzira kuombera ambiri amayambira pomwepo. Ku Olympics mpikisano woombera chandamale pa mamita 50 amagwiritsa ntchito yomweyi, ngakhalenso biathlon, masewera aja othamanga pa chipale chofewa mfuti ili kumsana, anasiya zazikulu n'kutenga .22 mu 1978. Mu 2002 kampani ya Hornady inatulutsanso rimfire ina yatsopano, .17 HMR, chinthu chotha ntchito sangamachikonzere chatsopano chonchi.

Pamene ndikugwirizana naye mnzanuyo ndi pa nyama zazikulu. Kamutu ka chipolopolo cha .22 kamalemera pafupifupi magalamu 2.6 okha, kakadutsa mamita 100 kamayamba kugwa kwambiri ndipo mphepo imakapatutsa. Kuombera nguluwe ndi .22 ndi kuzunza nyama, imathawa ndi bala n'kukafera kutali pang'onopang'ono, ine zimenezo zimandipweteka mtima. Kwa akalulu ndi makoswe abwana anuwo sanalakwitse.

Chonde musakaderere chifukwa cha kuchepa. Kamapha munthu, kamatha kuuluka pafupifupi makilomita 2, ndipo kakagunda mwala kapena madzi kamanjanja n'kulowera kumene simunaloze. Komanso laisensi ndi ya abwana anuwo osati yanu, nde iwowo palibe musaigwire mfutiyo, malamulo a mfuti ku Joniko ndi okhwima.