Kodi ulendo wa ku Pendle ndi wokaona mfiti?

Funso: Mwana wanga, amene ndi namwino ku Manchester, akuti ndikakamuchezera tidzapita kukayenda m'midzi ya ku Pendle ndi munthu woperekeza alendo amene amafotokoza za mfiti zakale. Ine ndine wopemphera ndipo mtima ukukana. Kodi kumeneku si kuziputa dala? Mayi wa ku Kabwata, Lusaka.

Yankho: Amayi, mtima ukhale m'malo, pakuti kumeneko simukakumana ndi mfiti, koma mukaponda njira zimene ankayendamo anthu, ambiri a iwo osauka, amene ananyongedwa powaganizira ufiti. Ulendowu kawirikawiri umayambira pamudzi wa Barley, m'tsinde mwa phiri la Pendle, m'dera la Lancashire ku England.

Nkhaniyi inayamba mu Marichi 1612, pamene mtsikana wina, Alizon Device, anafuna mapini kwa wamalonda woyendayenda, John Law, koma iye anamukaniza. Atangoyenda pang'ono, bamboyo anagwa n'kufa ziwalo, zimene madokotala a lero angati ndi sitiroko, koma pa nthawiyo anati Alizon wamulodza. Woweruza wa m'deralo, Roger Nowell, atayamba kufunsa, mabanja awiri amene anali pa chidani chakale anayamba kulozana chala. Agogo ake a Alizon, odziwika ndi dzina loti Demdike, anafera m'ndende ya Lancaster Castle mlandu usanazengedwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi umboni wa Jennet Device, mng'ono wake wa Alizon, mwana wa zaka 9, amene anamuimika patebulo m'khoti kuti aneneze mayi ake omubereka ndi mchimwene wake. Pa 20 Ogasiti 1612, anthu 10 ananyongedwa ku Lancaster.

Ife a kuno sitingadabwe nazo, chifukwa tikudziwa mmene nkhalamba yamasiye, yofiira maso ndi utsi wa nkhuni, imasandukira mfiti mwana wa pamudzi akamwalira mwadzidzidzi, ngakhale kuti lamulo la Zambia la Witchcraft Act limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Pitani ndithu, ndipo mukapemphe kuti akakudutsitseni ku Roughlee, kumene kuli chiboliboli cha Alice Nutter, mmodzi wa onyongedwawo, chimene anachiimika mu 2012 ali ndi maunyolo m'manja. Musaiwale jekete ndi nsapato zolimba, pakuti mvula ya kumeneko sidziwa nyengo ndipo njira zake zimakhala zamatope.