Fender ndi Gibson musawadikire, koma gitala yopanda mutu yafika kale

Achimwene, mwafunsa ngati makampani akuluakulu adzayamba kupanga magitala amagetsi opanda mutu ngati omwe mukuwaona pa YouTube, komanso ngati n'kwanzeru kuitanitsa imodzi yoti muziimbira kutchalitchi ndi m'maukwati muno mu Lilongwe. Ena mwa makampaniwo anayamba kale. Koma ngati mukudikira gitala yopanda mutu yolembedwa Fender kapena Gibson, mudikira nthawi yaitali, ndipo chifukwa chake si kamvekedwe ka gitala ayi.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Ned Steinberger wa ku America anatulutsa bezi yake yopanda mutu cha m'ma 1980, kenako gitala ya nsambo 6. Anachotsa makiyi ochunira kumutu n'kuwaika kumunsi, pa buliji, chitsulo chogwira nsambo pathupi la gitala. M'zaka zimenezo Hohner inagula chilolezo n'kumapanga ake, ndipo Yamaha nayo inali ndi bezi yopanda mutu. Gibson inagula kampani ya Steinberger mu 1987. Ndiye taonani, luso lonseli lakhala m'manja mwa Gibson zaka zoposa 30, koma magitalawo amatulukabe m'dzina la Steinberger, monga otsika mtengo aja otchedwa Spirit. Les Paul, gitala yawo yotchuka, sanaidule mutu.

Sangaidule chifukwa mutu ndiye siginecha ya kampani. Mu 2009 akuluakulu oona za zizindikiro za malonda ku America anakana pempho la Fender lofuna kukhala mwini wa maonekedwe a thupi la Stratocaster, Telecaster ndi Precision Bass, ponena kuti ambiri akhala akupanga matupi otero kwa zaka zochuluka. Chimene Fender amagwiritsitsa ndi maonekedwe a mutu ndi dzina lolembedwa pamenepo. Munthu amene wakhala kumbuyo kwenikweni mu holo saona mapikapu, timaginito totola mawu pansi pa nsambo, amaona mutu n'kudziwa kuti iyi ndi Fender. Onjezaninso kuti amene amagula magitala a makampani awiriwa amafuna chinthu chofanana ndi cha 1952 kapena 1954. Kuwachotsera mutu n'kuwachotsera chomwe abwerera. Ngati adzalowe mumsika umenewu mwamphamvu, ine ndikuona adzadzera m'mayina ena omwe ali nawo, monga Jackson kapena Charvel kumbali ya Fender.

Amene alibe katundu wa mbiri yakaleyo pamutu ndiwo ayenda. Ola Strandberg wa ku Sweden ndiye anadzutsanso chidwi ndi gitala yake ya Boden. Kiesel ya ku California ili ndi mitundu ingapo. Ibanez, yomwe ndi kampani yaikulu ndithu, inatulutsa mabezi a EHB mu 2020 ndi magitala a Q mu 2021. Otsika mtengo aliponso, monga Dullahan ya Harley Benton. Choncho funso loti adzailandira kodi layankhidwa kale mwatheka. Yakhala mtundu wina wa gitala pambali pa yakale, osati yolowa m'malo mwake.

Tsopano za inu. Ubwino wake ndi weniweni kwa woimba wa kuno. Les Paul imalemera makilogalamu 4 kapena kuposa, pamene Boden ili cha pa 2.5 kapena kucheperapo. Amene anaimirirapo ndi gitala paphewa perekani-perekani yonse, kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, akudziwa kuti kilogalamu imodzi ndi theka si nkhani yochepa. Khosi siligwera pansi mukasiya kuligwira, chifukwa zitsulo zolemera zili kuthupi. Stratocaster ndi yaitali pafupifupi mita imodzi, Spirit masentimita 77 okha, koma utali wa nsambo ndi womwewo, mainchesi 25.5, ndiye zala siziphunzira china chatsopano. Mu minibasi yochokera ku Area 25 kupita m'tauni imakhala pamwendo bwinobwino, ndipo pa kabaza siwomba anthu. Palibenso mutu woti uthyoke. Mutu wa Gibson unapendekera kumbuyo madigiri 17, ndipo pomwe ukumana ndi khosi thabwa lake ndi lopyapyala. Gitala ikangotsetsereka pa sipika n'kugwa chagada, pamathyoka pomwepo.

Koma musanatumize ndalama, funsani wogulitsa funso limodzi: imalowa nsambo zanji? Ma Steinberger ndi ma Hohner akale amafuna nsambo zokhala ndi kampira kachitsulo mbali zonse ziwiri. Zimenezo musayembekezere kuzipeza m'mashopu a ku Old Town, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, nsambo imodzi ikaduka Loweruka usiku ndiye kuti Lamulungu mubwereka gitala. Pali kachitsulo kapadera kovekera kumutu komwe kamalola nsambo wamba. Ngati mwasankha mtundu umenewu, kabwere limodzi ndi gitalayo. Ibanez Q, Strandberg ndi ambiri atsopano amalowa nsambo wamba, ndipo amenewa ndiwo oyenera kuno.

Kuika nsambo ndi kumene ambiri amalakwitsa poyamba. Kiyi wa pa buliji sakulunga waya ngati wa kumutu, amangokoka molunjika, ndipo mtunda womwe angakoke ndi waufupi. Choncho yambani mwamasula kiyiyo mpaka atatsala pang'ono kufika kumapeto. Kolekani kampira ka nsambo m'malo mwake, yendetsani nsamboyo kufika kumapeto kwa khosi, ilowetseni pa chomangira, ikokeni ndi dzanja kapena pulayasi mpaka itawongoka, ndipo muli chikokere mangani kasikuluwu ka chomangiracho ndi Allen key. Mukatero chunani, kokani nsamboyo pang'onopang'ono ndi chala pa fureti 12 (mafureti ndi tizitsulo topingasa pakhosi) kawiri kapena katatu, chunaninso, ndipo dulani chotsalira pomaliza penipeni. Mukasiya nsambo ili lende pomanga, kiyi amatha ulendo wake mawu asanafike pa E, ndipo ngati munadula kale, nsamboyo yapita. Kasikuluwuko kamafuna dzanja lodziwa. Mukamanga mopepuka, nsambo zitatu zopyapyala zimapulumuka pang'onopang'ono, makamaka mukamapinda mawu pa lidi. Mukamanga mopyola, E yaing'ono, nsambo yopyapyala kuposa zonse, imadukira pomwepo. Gwirani Allen key kumbali yake yaifupi, mangani mpaka mutamva kuti yagwira, onjezani pang'ono chabe basi.

Allen key ameneyo akhale wa saizi yeniyeni. Wa mainchesi ndi wa mamilimita amaoneka ofanana, koma wolakwika amadya mutu wa kasikuluwu, ndipo kakadyeka nsambo simungaichotse popanda kuboola. Gulani tisikuluwu tapadera pamodzi ndi gitala, ndipo Allen key mmodzi azikhala m'thumba la gitala nthawi zonse, chifukwa popanda iye simusintha nsambo pa siteji.

Apa ndi pamene magitala otchipa kwambiri a pa intaneti amagwera. Thabwa ndi mapikapu zimatha kukhala bwino, koma buliji n'kukhala ya chitsulo chofewa. Makiyi amalimba moti chala chimapweteka, mazinga ake amadyeka, ndipo buliji za opanda mutu sizilowana pakati pa makampani ngati mmene zilili zipangizo za Stratocaster, zomwe wokonza aliyense angachotse pa gitala yakufa n'kuika pa yanu. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala limalowa m'mazingamo n'kusakanikirana ndi thukuta, popeza dzanja lamanja limakhala pomwepo. Pa miyezi itatu iliyonse masulani kiyi mmodzimmodzi, pukutani ndi burashi youma, pakani girisi pang'ono kwambiri pa mazinga ndi pa kawasha. Mafuta ambiri amangoitana fumbi lina.

Khosi limasuntha ndi nyengo monga la gitala ina iliyonse. Chilimwe chikauma thabwa limafota ndipo nsonga za mafureti zimayamba kukanda m'dzanja. Mvula ikayamba mu Disembala limafufumanso. Dinani nsambo yaikulu pa fureti yoyamba ndi yomaliza, yang'anani mpata wa pakati pa nsamboyo ndi fureti 7 kapena 8: uzikhala cha pa mamilimita 0.25. Ngati wakula kapena watheratu, potozani truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi chomwe chimaliwongola, gawo limodzi mwa magawo anayi a mzungulo, dikirani tsiku, yezaninso.

Tinthu tiwiri tating'ono timene anthu amazindikira gitala itafika kale. Chochunira chopanira kumutu chija chilibe pogwira pabwino, ndiye mufunika cha pedo kapena cholumikiza pa kebulo. Komanso zokolekera pakhoma ndi masitandi ogwira pakhosi sagwira ntchito. Pezani sitandi yonyamula thupi, ndipo muyese ngati sikutsamira pa makiyi, chifukwa ikawakhudza gitala imachoka pa chuni muli pa ulaliki.

Mukamawerengera mtengo, phatikizani msonkho wa MRA ndi zonyamulira, mapaketi a nsambo osachepera atatu, tisikuluwu tija ndi ma Allen key awiri. Ngati ndalama ikukwana gitala imodzi yokha ndipo ndiyo ikudyetseni, tengani yolowa nsambo wamba, ya buliji yosagwedera, yochokera ku kampani yomwe imagulitsa zipangizo zake padera. Ya thiremolo, ya buliji yogwedera ija, isiyeni kaye mpaka mutazolowera yoyambayo.